Dzanja Lodziwa Mdima

Mtembo unagona chafufumimba pakati pa tebulo la zitsulo ndi chimgolo choyera chimene chinkalendewera kuchokera kudenga. Sajeni Goodwell Malikebu anaima pakhomo, manja ali m'thumba, n'kuyang'ana kaye chipinda chonse asanaponde mkati. Linali Lolemba, 8 koloko itangopitirira, m'chipinda cha pansi pa nthaka pa koleji ina ya sayansi kum'mawa kwa London. Mawindo munalibe. Makoma anawapaka penti yakuda, ndipo chimgolocho chinkangolira chokha, tswii, tswii, osalekeza.

"Dzina lake?" anafunsa m'Chingerezi.

"Dokotala Alinane Kachingwe, wa zaka 29," anayankha bwana wake, Insipekitala Ellen Anderson. "Wamenyedwa kunkhongo ndi sipanala, dzulo masana. Sipanalayo taipeza pansi pa tebulo, yopukuta bwinobwino. Ndakuitana iwe chifukwa ndi wa kwanu."

Wa kwanu! Goodwell anabadwira pafamu ya fodya kufupi ndi Karoi ku Zimbabwe, ndipo ku Malawi, kwawo kwa bambo ake, anapondako kamodzi kokha, pamaliro. Koma kupolisi kuno dzina lililonse loyamba ndi Ka kapena Chi linali la kwawo kwa Goodwell. Zowongolera anthu anazisiya kalekale.

Amene anapeza mtembowo anali Chiye Mwalwanda, mtsikana wochita maphunziro a udokotala wa sayansi. Anali atakhala pansi m'kholido, atakumbatira mawondo. Goodwell ananjuta pambali pake, mawondo akewo akudandaula.

"Pepani, achemwali. Zagwa zazikulu."

Atamva Chichewa, mtsikanayo anadzutsa mutu n'kuyamba kulira kwenikweni, kulira kwa kwathu kotulutsa mawu. Goodwell anamudikira mpaka anatonthola.

"Tandiuzani, mumachitamo chiyani m'chipinda chamdimachi?"

"Chimgolocho ndi firiji," anatero Chiye akupukuta mphuno. "Mkati mwake muli kamwala kakang'ono ngati chikhadabo. Timakaziziritsa mpaka kutsala pang'onong'ono kufika pamene kuzizira kumathera. Kanthu kosaoneka ndi maso kakakagunda, kamwalako kamatenthako pang'ono, ife n'kuona pa kompyuta."

"Nanga penti yakudayi?"

"Sikelo ya pamsika, musanaikhulupirire, si mumayamba mwaikapo mwala wa kilo imodzi? Ifenso chimodzimodzi. Timatumiza kuwala kumene tikukudziwa kukula kwake, kuchokera ku kababu kali patebulopo, kudzera mu faiba, ulusi wa galasi uwo, mpaka pa kamwalako. Tikatero timadziwa kuti sikelo yathu ikunena zoona. Koma kamwalako kamamva ngakhale kadontho kamodzi ka kuwala. Ndiye muyeso ukayamba, magetsi onse zimi, mdima bii. Olo foni sitiyatsa."

"Dzulo munali muyeso?"

"Eya. Alinane anauyambitsa masana, wathera m'mawa uno. Ine ndinali ku Manchester kuukwati, ndabwera ndi sitima yoyamba. Nditaona kuti watha, ndayatsa getsi, ndiye…"

Anabisanso nkhope m'mawondo.

Mkulu wa chipindacho anafika patapita kanthawi. Anali Dokotala Bonaventure Kaliwo, bambo wochepa thupi, wa imvi mbali zonse, atavala juzi yotha m'zigongono. Anagwira dzanja la Goodwell ndi manja awiri, mwaulemu wa kwathu, koma maso awo anali pa chimgolo chija.

"Chonde, bwana, anyamata anuwo asazimitse firijiyo. Ikatentha, kuti izizirenso ndi masabata."

"Muli munthu wakufa mmenemo, adokotala."

"Ndikudziwa," anatero a Kaliwo motsitsa mawu. "Anali ngati mwana wanga. Ndine ndinamuitanitsa kuchokera ku Zomba."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Kunyumba, ku Edmonton. Ndinkaonerera muyesowo pa laputopu. Akompyuta akhoza kukutsimikizirani."

"Pali amene ankadana naye?"

A Kaliwo anazengereza, akusisita chigongono. "Sindikonda kunenera ana a anthu. Koma panali mnyamata wina wa ku Zimbabwe, Tawanda. Chibwenzi chinatha mwezi wathawu, iye sanavomereze."

Pofika masana zonse zinali zitaloza kumodzi. Kamera ya pakhomo lalikulu inaonetsa Tawanda Kamoto akulowa 2:50 Lamlungu masana, Alinane atamutsegulira, n'kutuluka 3:25 ali yekha, akuyenda mwandawala, nkhope atabisa m'chipewa cha jekete. Zidindo za zala zake zinali pachitseko cha labu, chipinda chamdima chija. Anakamutenga ku Romford, panyumba yosamalira okalamba pamene ankagwira ntchito, akudyetsa nkhalamba ina phala.

M'chipinda chofunsira mafunso, Tawanda anakhala moweramira tebulo, loya wa boma ali pambali pake. Anali mnyamata wamtali, wa mapewa otambalala, koma apa anaoneka ngati wafota. Anderson anayatsa makina ojambulira mawu n'kumusiyira Goodwell.

"Unapita kukatani kumeneko?"

"Kukabweza kiyi wa kunyumba kwake."

"Kiyi ungamutumize pa positi."

"Ndimafuna kumuonanso. Ndi mlandu umenewo?"

"Munakangana?"

"Pakhomo la labu. Anandiuza kuti alibe nthawi, akuti tsiku limenelo linali lalikulu pa moyo wake wonse. Ine ndinati tsiku lililonse kwa iwe ndi lalikulu, ine ndiye wamng'ono nthawi zonse. Ndinagwira chitseko kuti asatseke. Anati, Tawanda, ukulowetsa kuwala. Ndinasiya, n'kutseka."

"Nthawi yanji?"

"Mwina 3 koloko."

"Kamera ikuti unatuluka 3:25. Nthawi yonseyo unali kuti?"

Mnyamatayo anayang'ana Anderson, kenaka loya, n'kutembenukira kwa Goodwell. Anasiya Chingerezi n'kulankhula Chichewa cha pafamu, chosakaniza ndi Chishona, chimene Goodwell anali asanachimve kwa zaka zambiri.

"Mudhara, ndinakhala pa masitepe. Ndimalira. Sindimafuna kukwera basi anthu akundiona chonchija."

Goodwell anamasulira mawuwo m'Chingerezi kuti makina amve, ndipo m'kamwa mwake munawawa pomasulirapo.

"Mkati mwa labu unalowamo?"

"Sindinalowepo chiyambire. Amandiletsa. Sindidziwa olo pamene pali switchi."

Atatuluka, Anderson anatseka faelo ndi chikhatho. "Chibwenzi chotha, mkangano, zidindo za zala, theka la ola losadziwika. Laputopu ya Kaliwo inalidi yolumikizidwa kuchokera ku Edmonton masana onse, ndipo tikiti ya mtsikana uja ndi yeniyeni. Ndapempha nthawi yowonjezera. Mawa madzulo timutsegulira mlandu wakupha, pokhapokha undibweretsere china."

Kunena zoona, Goodwell analibe china. Anangokhala ndi kamtima kokana, ndipo kamtima sikalowa m'khoti.

Anakwera basi ya ku Thamesmead dzuwa likulowa, n'kukhala pampando wake wa masiku onse, pamwamba chakumbuyo. Foni inkangonjenjemera m'thumba. Pa gulu la WhatsApp la anthu a kwathu, limene anamulowetsamo osamufunsa ndipo iye sankalembapo kanthu, mlandu unali utaweruzidwa kale. Chithunzi cha Tawanda chinali pomwepo, atavala suti ya kutchalitchi. Wina analemba kuti anyamata a ku Zimbabwe ndi choncho. Wina anati si Mmalawi weniweni ameneyo, dzina lokha. Ha, anthu! Goodwell anazimitsa foniyo mtima ukuwira, pakuti mawu amenewo anakula nawo. Ku Karoi ankamutcha wobwera, ku Dedza pamaliro paja anamutcha Mzimbabwe.

M'fulati mwake munali zii. Mkazi wake Muchaneta anasamukira ku Leeds zaka zisanu zapitazo, popanda ndewu, atangotopa ndi kudikira munthu. Goodwell anaimbira mwana wawo Shantel, foni n'kulira mpaka kuduka. Kenaka kunabwera kauthenga ka Chingerezi koti ali kuntchito, aimba Loweruka. Anatenthetsa nyemba za m'chitini n'kudya chiimire pawindo, akuyang'ana mtsinje wotuwa uja. Anasungulumwa, ndipo sanadzinamize kuti n'kutopa.

Mawu amodzi okha ndiwo ankamuzungulira m'mutu: ukulowetsa kuwala. Ngati kamwala kaja kamamva kadontho kalikonse, ndiye kuti m'chipindamo munali mboni imene palibe anaifunsa.

Lachiwiri m'mawa anaitanitsa Chiye ku labu. Mtembo unali utachotsedwa, patsala banga lakuda pansi ndi timapepala ta manambala ta anthu oyeza. Firiji inkalirabe.

"Ndionetseni zimene kamwala kanu kanaona Lamlungu."

Chiye anayatsa kompyuta. Pagalasi panabwera timizere toimirira, tofanana msinkhu, tondondozana ngati mano a chipeso. Kamzere kalikonse, iye anafotokoza, kanali kuphethira kumodzi kwa kababu kaja. Anayendetsa chithunzicho mpaka pa 3 koloko. Pamenepo timizereto tinasokonezeka pang'ono.

"Apa chitseko chinatsegulidwa. Kuwala kwa m'kholido kunalowa."

"Ndi Tawanda ameneyo. Pitirizani."

Chipesocho chinapitirira bwinobwino. Kenaka dzanja la Chiye linaima.

"Iii! Ichi n'chiyani?"

Pa 3:14 timizere tonse tinasowa. Panali mzere wogona basi, wosalala, kwa mphindi zisanu ndi imodzi. Pa 3:20 tinabwereranso, msinkhu womwe uja, ngati palibe chachitika.

"Magetsi anathima?"

"Ayi, kompyuta ikanalemba. Kababu kankaphethirabe. Kuwalako ndiye sikunkafika." Anadzuka n'kupita patebulo, n'kuloza pamene faiba yochokera ku kababu inkakumana ndi ina yolowa mu firiji. Mfundoyo inali cha m'mphepete mwa tebulo, pamwamba penipeni pa banga lija, itakulungidwa ndi tepi yakuda. "Inazuka apa. Palibenso pena pamene ingazuke."

Goodwell anayang'ana mfundoyo, n'kuyang'ana pansi. Munthu womenyedwa kunkhongo akamagwa amagwira chilichonse chili pafupi.

"Tinene kuti pogwa anaikoka. Ndani anailumikizanso?"

Sanadikire yankho, anapitiriza.

"Funso lina. Faiba itazuka chonchi, kukamwa kwake kuli poyera, wina n'kuyatsa getsi, kapena tochi ya pafoni, pangaoneke chiyani apa?"

"Kamwalako kangachite khungu. Mzerewu ungathawire kumwamba, firiji n'kutenthako, muyeso wonse n'kuwonongeka."

"Koma mzerewu wagona phee."

"Eya."

"Ndiye kuti munthuyo anapha mnzake mumdima, n'kufufuza kaulusi aka mumdima, n'kukalumikiza, n'kukulunga tepi, osayatsa kanthu. Ndiponso chitseko cha kukholido sanatsegule, polowa ngakhale potuluka. Pali khomo lina?"

"La kuchipinda cha magasi, kuseri kwa katani iyo. Limatulukira kubwalo la kumbuyo. N'lakiyi wamba, kulibe kamera, ndipo nakonso n'kwamdima."

Goodwell anapempha faiba ina yosagwira ntchito. Anamupatsa Chiye mbali zonse ziwiri ndi mpukutu wa tepi, n'kuthimitsa getsi. Mdima wake unali woti ngakhale dzanja lako sulidziwa pamene lili. Anamva mtsikanayo akupuma, tizitsulo tikugundana, kenaka china chinagwa pansi n'kugubuduka.

"Sindingathe," anatero mumdimamo. "Olo ndi getsi, ine ndikalumikiza kuwala kumatsika, chifukwa kansonga kake kamafuna kupukuta ndi kulunjika ndendende. Alinane nayenso kumatsika pang'ono. Timachita kuyambiranso muyeso."

"Koma apa kunabwerera pamalo pake penipeni."

Goodwell sanayatse getsi. Anaona kuti mtsikanayo alankhula bwino nkhope yake isakuoneka.

"A Kaliwo amatiseka nazo," anatero Chiye potsiriza. "Amati zala zawo zili ndi maso. Akhala akuchita zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

Oyeza anabwera n'kudula mfundo yonseyo osaimasula. Atafika nayo kumalo awo oyezera anasenda tepiyo pang'onopang'ono. Kunja inali yoyera bwino. Mkati, pakati pa tepi ndi chitsulo, munali magazi ouma, ndipo kumbali yomata kunatsalira chidindo cha chala chamanthu. Munthu akhoza kupukuta sipanala, koma tepi sangaikulunge atavala magolovesi, mumdima.

A Kaliwo anawatenga ku Edmonton cha m'ma 2 koloko. Wapolisi amene anapitako anati m'nyumbamo munali mpando umodzi, mbale imodzi, ndi mabuku mpaka kudenga.

M'chipinda chomwe chija, pampando womwe unakhala Tawanda, a Kaliwo anakhala mowongoka, manja ali pamawondo. Anderson anawachenjeza monga mwa lamulo. Goodwell anaika patebulo pepala la timizere tija.

"Munati masana onse munkaonerera muyesowu."

"Inde."

"Ndiye mpata uwu munauona. Kuwala kwasowa mphindi zisanu ndi imodzi pa muyeso waukulu chonchi. Munamuimbira Alinane kumufunsa chachitika n'chiyani?"

"Ndiyenera kuti ndinali kukhitchini."

"Dzulo simunatiuze za mpatawu."

"Sindinauone."

"Inu? Munthu amene munafika pamtembo n'kuyamba kufunsa za firiji?"

Loya wa a Kaliwo anasuntha pampando. Goodwell anatulutsa chithunzi chachiwiri, cha tepi yosendedwa, n'kuchiika pamwamba pa choyambacho.

"Laputopu ikhoza kutsala yoyaka mwini wake ali pa sitima. Koma ichi sichichitika chokha. Magaziwa ali pansi pa tepi, adokotala, osati pamwamba. Amene anakulunga tepiyi anali ndi magazi a Alinane kuzala, ndipo anasiyapo chala chake. Zala zanu tazidinda polowa muja. Tidikire oyeza, kapena mutiuza nokha?"

A Kaliwo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Chodabwitsa, nkhope yawo inaoneka ngati ya mmisiri amene akuyendera ntchito yake.

"Tawanda akanayatsa getsi," anatero Goodwell, tsopano m'Chichewa, mofatsa. "Wakuba akanayatsa tochi. Aliyense akanathawa, kaulusiko n'kukasiya kakulendewera. Munthu mmodzi yekha mu London muno ndi amene sakanatha kukasiya."

Loya anayamba kunena kuti kasitomala wake sayankha, koma a Kaliwo anakweza dzanja. Nawonso analankhula Chichewa, ndipo Goodwell ankamasulira chiganizo chilichonse, Anderson akulemba.

"Mukudziwa kuti kukhala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pansi pa nthaka n'kutani, a Malikebu? Anzanga amene tinayamba limodzi ndi mapulofesa. Ine kontirakiti ya zaka ziwiri, ikatha ina ya zaka ziwiri. Sindinakwatire. Amayi anamwalira ndili pakati pa muyeso, sindinapite. Koma ndinali ndi chinthu changa. Kamwala kaja kankaonetsa timagunda ting'onoting'ono timene palibe ankatimvetsa, ndipo ine ndinati ndi chizindikiro cha chinthu chatsopano, chimene dziko lonse likuchisaka. Ndinalemba mapepala. Anayamba kundiitana kumisonkhano. Anthu amene ankandidutsa m'kholido anayamba kundidziwa dzina."

"Alinane anapeza chiyani?"

"Anati timagundato si chinthu chatsopano. Akuti faiba yangayo, kababu kakaphethira, imatsala ikunyezimira pang'onong'ono, n'kumadontheza kuwala pambuyo pake. Akuti ndakhala ndikuyeza nyali yanga yomwe." Anaseka kaphwete kouma. "Muyeso wa Lamlungu unali wotsimikizira zimenezo. Lolemba amakanena pamsonkhano wa gulu lonse."

"Ndiye munapita."

"Ndinapita kukamupempha. Ndinalowera kumagasi kuti ndisasokoneze muyeso. Ndinamva akukangana ndi mnyamata uja pakhomo, ndinadikira kuseri kwa katani. Atatseka ndinamuitana. Ndinati, mwanawe, ndipatse chaka chimodzi, ndikonze ndekha, ndinene ndekha. Ndinagwada, a Malikebu. Mumdima, iye sanaone, koma ndinagwada."

"Anati chiyani?"

"Anati, bambo, ndinu munandiphunzitsa kuti sikelo yonama sitigona nayo. Ananena mwaulemu. Ankanditcha bambo." Anapukusa mutu. "Anatembenuka kubwerera patebulo. Sipanala timaikoleka pamwendo wa tebulo, dzanja langa likudziwa pamene ili. Sindikumbuka kuganiza."

Anderson anasiya kulemba. Firiji inali kutali, koma Goodwell ankaimvabe m'makutu.

"Pogwa ndinamva faiba ikuzuka. Imachita kaphokoso kake, thapu. Ndipo ndikuuzeni zoona, pakuti bodza latha ntchito. Sindinagwade kuti ndimve ngati akupuma. Ndinamulumpha, n'kuyamba kufufuza faiba."

"Chifukwa chiyani? Muyesowo ndi umene ukanakuwonongani. Mukanausiya ufe."

A Kaliwo anamuyang'ana modabwa, ngati wafunsa za chibwana.

"Nanga ndikanadziwa bwanji? Mwina akanapezeka wolakwa ndi iyeyo. Ndinabwerera ku Edmonton, n'kukhala pa laputopu mpaka muyeso unatha."

"Ndiye?"

"Sanalakwe," anatero a Kaliwo. "Mwana uja sanalakwe olo pang'ono. Ntchito yake inali yoyera kuposa yanga."

Apo m'pamene analira, mopanda mawu, manja ali pamawondo pomwepo. Goodwell sanawamvere chisoni, komanso kudana nawo kunamukanika, ndipo zimenezo zinamunyansa.

"Ndipo Tawanda? Munatipatsa dzina lake ndi manja awiri."

"Anali pafupi," anayankha a Kaliwo. "Ndinalibe naye chifukwa. Anangokhala pafupi."

Tawanda anamutulutsa cha m'ma 5 koloko. Anasainira lamba wake, foni ndi kiyi uja amene sanabweze. Goodwell anamuperekeza mpaka panja, pamene kamvula kankawaza ndipo anthu ankathamangira mabasi osayang'anana. Anamuuza zonse mwachidule, koma nthawi yeniyeni imene zinachitika sanaitchule. Mnyamatayo adzaimva kukhoti, kuti pamene ankalira pa masitepe paja, kuseri kwa zitseko ziwiri zokha kunkachitika zotani. Lero ayi.

Tawanda anayatsa foni. Mauthenga analowa mothithikana, iye n'kuwerenga awiri atatu, nkhope ikugwa.

"Kuntchito andiimitsa. Kutchalitchi andichotsa pagulu." Anapukuta mvula pagalasi la foniyo ndi chala. "Zimenezo zilibe kanthu, mudhara. Koma amayi ake ku Zomba. Amanditcha mwana wawo, ndimalankhula nawo Lamlungu lililonse. Andilembera kuti Mulungu andione. Ine akamva mawu anga adula. Auzeni ndinu."

Anaimba n'kumupatsira foniyo Goodwell asanavomere. Inalira kanayi. Kumbali inayo kunamveka nyimbo za amayi a pamaliro, kenaka phokoso linachepa ngati munthu watuluka panja.

"Iwe, ukufunanso chiyani kwa ine?"

"Pepani, mayi, si Tawanda. Ndine Sajeni Malikebu, wapolisi wa kuno ku London. Ndaimba kuti ndikuuzeni kuti mnyamatayu alibe mlandu. Sanakhudze mwana wanu. Tamutulutsa, ali pano ndi ine."

Goodwell anamva mayiwo akupuma mwamphamvu.

"Mukunena zoona, bambo?"

"Zoona zokhazokha. Amene anachita zimenezi tamugwira, ndipo wavomera."

"Ambuye wanga! Ndiye ndamutemberera mwana wosalakwa." Analira pang'ono, kenaka anadzigwira. "Ndimupepesa ndekha, mumupatse foniyo. Koma musanatero, bambo, inu muli konko, mundithandize. A Kaliwo sakuyankha foni chiyambire masana. Ndiwo anatiuza za malirowa, ndiwo akuyendetsa zonse zobweretsa thupi, dzulo analira nane pafoni mpaka mayunitsi kutha. Mukawaona muwathokoze m'malo mwanga. Kumeneko mwana wanga analibe wina, koma iwowo."

Goodwell anatembenukira kukhoma kuti Tawanda asamuone nkhope.

"Mayi," anatero, "muli ndi munthu pafupi? Muitaneni kaye, ndipo mukhale pansi."